Nkhono Yalowa mu Laputopu

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Sindikutsutsa nzeru zawo, koma ndikukayika ngati amene anapeka mwambiwu anali ndi bwana wofuna ntchito ithe pofika Lachisanu. Nkhono yakumunda ukaidekhera imakulipira. Imatulutsa tinyanga take, ndipo kunsonga kwa tiwiri tatitalito kumaoneka timadontho takuda, ndiwo maso akewo. Waona, mtima wakhala pansi, wadzuka kukadya nsima. Nkhono imene ikusautsa anthu olemba mapulogalamu a kompyuta ndi yamtundu wina. Uidekhere mphindi 20, ikatulutsa mutu imangokuuza m'zilembo zofiira kuti unaiwala kachizindikiro kamodzi pamzere wakutiwakuti, choncho ukonze, uyambirenso kudekha.

Kwa amene simunalowepo m'ntchitoyi, zimayenda chonchi. Munthu amalemba khodi, ndiwo malangizo, m'chiyankhulo chimene iye atha kuwerenga, monga Java, Kotlin kapena C++. Kompyuta simva zimenezo. Pamafunika pulogalamu ina, compiler, yosandutsa zolembedwazo kukhala zimene makina amamva, kuonjezapo zida zina zosonkhanitsa zidutswa zonse kuti zipange chinthu chimodzi chotheka kuika mu foni. Ntchito yonseyi eniake amangoti build. Ndipo build sichitika kamodzi patsiku ayi. Wasintha mtundu wa batani, build. Wakonza dzina lolakwika, build. Moyo wa wolemba mapulogalamu ndi kulemba pang'ono, kudikira, kuona zotsatira, kutukwana chamumtima, kulembanso.

Tsono taganizirani mnyamata amene wangomaliza kumene maphunziro, ali ndi maloto opanga pulogalamu ya pafoni yothandiza alimi kudziwa mitengo ya mbewu. Wagula laputopu ya kaunjika. Wogulitsayo analumbira pali akufa kuti, "Achimwene, iyi ndi Core i5, makina a ntchito," osatchulako kuti i5 yake ndi ya m'badwo uti, pakuti dzinali lakhala pamsika kuyambira 2009 ndipo lili ndi agogo, ana ndi zidzukulu. Kiyibodi ndi yachijeremani, ukafuna Y imakupatsa Z. Batire inamwalira isanakwere n'komwe sitima. M'kati muli RAM ya 4 GB ndi disiki yachikale yozungulira maulendo 5,400 pa mphindi. Pamakina amenewa mnyamata uja akuikapo Android Studio, chida cha Google chopangira mapulogalamu a mafoni a Android, chimene eniake amanena poyera kuti chimafuna 8 GB pang'ono penipeni, ndipo 16 GB ngati ufuna kuyatsanso emulator, foni yongoyerekeza ija imene imaoneka pa sikirini kuti uyesere zimene walemba.

Akadina batani, pansi pa sikirini pamaoneka dzina limene anthu a ntchitoyi amalitchula monga mmene ena amatchulira wangongole: Gradle, chida choyendetsa build. Kamzere kamayamba kuyenda. Kenako kamaima. Fani ya laputopu imayamba kulira, poyamba motsitsa, kenako mokweza mpaka wokhala naye pafupi kufunsa ngati zonse zili bwino. Kunsi kwa laputopu kumatentha moti sungaikenso pantchafu, ndiye imakwezedwa pamabuku awiri kuti mpweya uzidutsa, ndipo apa m'pamene mabuku a kukoleji aja amayamba kugwira ntchito yooneka. Ukagwedeza mouse, kamuvi kamayenda patapita kanthawi, kukafika pomwe unkafuna kale iwe utasintha maganizo. Tsiku loyamba Gradle amafunanso kukopera zinthu zambirimbiri pa intaneti, ndiye bandulo imene inayenera kufika kumapeto kwa mwezi imatha lisanalowe dzuwa. Kamzere kaja kakangotsala pang'ono kufika kumapeto, magetsi thi!

Chimene chimachitika m'katimo si ufiti. RAM ndi malo amene kompyuta imasungapo zinthu zimene ikugwiritsa ntchito panthawiyo. Malowo akadzaza, imayamba kuchotsa zina kukazisiya pa disiki, n'kuzitenganso ikazifuna, n'kuchotsa zina kuti zimenezi zipeze malo. Disiki yozungulira ndi yochedwa maulendo masauzande ambirimbiri poyerekeza ndi RAM, chifukwa muli kamkono kenikeni kamene kamayenda kukafuna pomwe pali chinthucho. Ndiye processor, Core i5 amene wogulitsa uja ankamutama, amakhala ali pheee, manja lende, kudikira katundu. N'chifukwa chake mankhwala oyamba a laputopu yotere ndi otsika mtengo kuposa mmene anthu amaganizira: kuchotsa disiki yozungulirayo n'kuikamo SSD, yomwe ilibe chozungulira chilichonse, ndi kuonjezera RAM ngati malo ake alipo. Makina amene unkafuna kuwaponya pazenera amadzuka n'kuyamba kupereka moni.

Koma mankhwalawo pafunika wowagula, ndipo apa m'pamene mwambi uja umagwira ntchito yake yeniyeni m'maofesi.

"Bwana, makinawa akuchedwetsa ntchito. Mukanatigulirako RAM ndi SSD."

"Mphwanga, makompyutawa tinagula atsopano. A ku akaunti akugwiritsa ntchito ofanana ndi ako, sindinamvepo akudandaula."

"Iwowo amangotsegula Excel, bwana."

"Nawenso uzitsegula chimodzichimodzi. Ana a masiku ano mumafuna zonse lero lomwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mwambi ndi wotchipa kuposa RAM, ndipo sufuna makoteshoni atatu kapena siginecha ya wosunga chuma. Chodabwitsa n'chakuti bwana yemweyo amalipira malipiro a mwezi wathunthu kwa munthu amene gawo lalikulu la tsiku amangoyang'ana kamzere. Ndalama imeneyo siimuwawa chifukwa siioneka pa risiti. Tisaiwalenso kuti m'maofesi ambiri laputopu yamphamvu kuposa onse imakhala patebulo la bwanayo, pomwe ntchito yake yaikulu ndi kutsegula makalata ndi kuonera zigoli za dzulo.

Chimene bwana sadziwa n'chakuti kudikirako sikuba mphindi zokha. Wolemba mapulogalamu amanyamula zinthu zambiri m'mutu nthawi imodzi: ichi chikuitana icho, icho chikasintha chija chisweka. Build ikatenga masekondi 5, zonsezo zimakhala zikadali m'mutu. Ikatenga mphindi 5, dzanja limapita lokha ku foni, WhatsApp yatseguka, pagulu la kumudzi anthu akukangana za chopereka cha maliro, ndipo pobwerera munthu wayiwala chimene amayesa. Wojambula nthabwala wa ku America, Randall Munroe, anajambulapo mu 2007 pa xkcd anthu awiri akumenyana ndi malupanga ataima pamipando ya mu ofesi, bwana akuwakalipira, iwo n'kudziteteza kuti khodi ili pa compiler, bwana n'kuwasiya. Chithunzicho chimamatidwabe pamakoma a maofesi mpaka lero chifukwa chowiringulacho sichinakalambe.

Wina angaganize kuti awa ndi mavuto a ife a kaunjika. Ayi ndithu, nkhono sisankha khomo. Mu September 2007, Rob Pike, katswiri wa ku Google, ankagwira ntchito pa pulogalamu yaikulu ya C++ imene build yake inkatenga mphindi pafupifupi 45, pamakina ambirimbiri ogwirira ntchito limodzi, pakampani imene sinasowepo ndalama ya magetsi. Pa kudikira kumeneko iye ndi anzake awiri, Ken Thompson ndi Robert Griesemer, anayamba kukambirana zopanga chiyankhulo chatsopano chosachedwa pa compiler. Chinatuluka mu 2009, dzina lake Go. Linus Torvalds, amene anayambitsa Linux, mu 2020 anasiya makina a Intel amene anakhala nawo zaka pafupifupi 15 n'kugula AMD Threadripper 3970X, processor wa mitima 32, ndipo ananena mosangalala kuti ma build ake oyesera ayamba kuthamanga katatu kuposa kale. Ofuna kuchita build ya Chromium, maziko a Chrome, amauzidwa kuti akonzeretu malo a 100 GB pa disiki, ndipo pa laputopu wamba ndi ntchito yoyamba madzulo n'kukagona. Olemera nawonso amadikira, kungoti amadikira muli mpweya wozizira.

Funso limene limandisowetsa tulo ndi lakuti, liwiro lonse lija linapita kuti? Mu 1965 Gordon Moore, amene pambuyo pake anakhala mmodzi wa oyambitsa Intel, anaona kuti chiwerengero cha tizipangizo tokwana pa chip chimodzi chikuwirikiza kawiri pakanthawi kochepa, ndipo mu 1975 anati zizichitika zaka ziwiri zilizonse. Kwa zaka makumi ambiri zinayendadi motero. Kompyuta imene inatsogolera Apollo 11 kukatera pamwezi mu 1969 inali ndi RAM yokwana pafupifupi 4 KB. Laputopu ya kaunjika ija, ndi 4 GB yake yonyozekayo, ili ndi malo ochuluka kuwirikiza miliyoni. Gulu la Margaret Hamilton ku MIT linatsitsa anthu awiri pamwezi ndi 4 KB, ife tikulephera kusintha mtundu wa batani ndi miliyoni yake. Mu 1983 kampani ya Borland inatulutsa Turbo Pascal, yolembedwa ndi mnyamata wa ku Denmark, Anders Hejlsberg, pamtengo wa madola 49.95. Polembera ndi compiler zonse zinkakwana m'makina a 64 KB, ndipo amene anaigwiritsapo ntchito amasimba kuti usanachotse chala pabatani inkakhala itamaliza.

Niklaus Wirth wa ku Switzerland, amene anapanga chiyankhulo cha Pascal, anadandaula za zimenezi mu 1995, ndipo mpaka pano mfundoyo imatchedwa ndi dzina lake: mapulogalamu akuchedwa mofulumira kuposa mmene makina akufulumirira. Anthu a m'zaka zimenezo anali ndi nthabwala yawo, yakuti chilichonse chimene Andy Grove wa Intel wapereka, Bill Gates wa Microsoft amabwera n'kulanda. Wirth anamwalira pa 1 January 2024 asanaone wina akumutsutsa.

Chifukwa chimodzi n'chakuti nkhono imayenda itasenza nyumba yake, ndipo mapulogalamu a lero anatengera khalidwe lomweli. Pali chida chotchedwa Electron, chimene chinayambira ku GitHub mu 2013, chothandiza kupanga pulogalamu imodzi yoyenda pa Windows, pa Mac ndi pa Linux. Chinsinsi chake n'chakuti pulogalamu iliyonse yopangidwa nacho imanyamula Chromium yakeyake pamsana. Visual Studio Code, polembera khodi potchuka kwambiri masiku ano, ndi Electron. Slack ndi Electron. Discord nayenso. Ukatsegula zitatuzi pamodzi ndi Chrome weniweniyo, ndiye kuti m'makina mwako muli nyumba zinayi zofanana, iliyonse ikufuna malo ake mu RAM, pomwe iwe umangofuna kulemba mizere khumi ndi kufunsa mnzako ngati wadya.

Chifukwa china ndi kubwereka. Palibenso amene amalemba zonse yekha. Ukayamba ntchito ya JavaScript, umaitanitsa zidutswa zolembedwa ndi ena, zidutswazo n'kuitanitsa anzawo, anzawowo n'kubwera ndi abale awo, mpaka foda yotchedwa node_modules imadzaza mafayilo masauzande iwe usanalembe ngakhale mzere umodzi. Mu March 2016 munthu wina anakwiya n'kuchotsa pa npm, nkhokwe ya zidutswazi, kachidutswa kake kotchedwa left-pad, ka mizere 11 yokha, kamene ntchito yake inali kuika mipata kumanzere kwa mawu. Ma build a mapulogalamu masauzande, ena a makampani akuluakulu, anagwa tsiku lomwelo. Ambiri sankadziwa n'komwe kuti m'nyumba mwawo mumagona mlendo wotere.

Tinene chilungamo, zida za lerozi sizilemera pachabe. Android Studio imawerenga khodi yako yonse, kuloweza dzina lililonse, kukumalizira mawu usanamalize kulemba, ndi kukulozera cholakwika usanachite n'komwe build. Turbo Pascal sinkachita zonsezo. Ndipo kubwereka zidutswa ndi kumene kumatheketsa mnyamata mmodzi wa ku Mzuzu kupanga m'mwezi umodzi chinthu chimene kale chinkafuna gulu la anthu. Ine ndili kumbali ya wopempha RAM. Mugulireni. Kwa munthu wolemba mapulogalamu a Android masiku ano, 16 GB ndi SSD si manyado, ndipo wofuna kupanga za iPhone alibe kothawira, chifukwa Xcode imayenda pa Mac pokha.

Koma pali msampha umene ogula makina satchula. Mukamugulira wolemba mapulogalamu makina a 32 GB, nkhono siifa, imangosamuka. Pamakina ake zonse zikuthamanga, pa intaneti ya mu ofesi zithunzi zikutseguka nthawi yomweyo, ndiye iye amakhulupirira ndi mtima wonse kuti pulogalamu yake ndi yopepuka. Amaitumiza. Imakafikira mu itel kapena Tecno ya 2 GB ya mayi wogulitsa tomato, imene yadzaza kale ndi mavidiyo a kwaya, pamalo pomwe netiweki imagwira ukaima pachulu. Mayiyo ndiye amadekha tsopano, ndipo alibe bwana womupempha RAM. A Facebook anazindikira zimenezi mu 2015 n'kuyambitsa mwambo woti Lachiwiri antchito awo azitha kuchepetsa liwiro la intaneti yawo kwa ola limodzi kuti lifanane ndi 2G, alaweko zimene makasitomala awo a ku India ndi ku Africa ankadya tsiku lililonse. Ola limodzi pasabata, mwakufuna kwako. Kudekha kwa anthu olemera kumakhala ndi nthawi yoweruka.

Ndikayang'ana amene anawaonadi maso a nkhono m'ntchitoyi, ndimapeza kuti onse anali anthu osapirira. Masewera a GTA Online anatuluka mu 2013, ndipo kwa zaka zoposa 7 anthu mamiliyoni ankadikira mphindi zingapo kuti atseguke, akumati ndi mmene alili. Mu 2021 munthu wina wodzitcha t0st anatopa ndi mphindi 6 zake n'kuyamba kufufuza chimene makina amachita panthawiyo. Anapeza kuti masewerawo amawerenga fayilo ya 10 MB yokhala ndi zinthu pafupifupi 63,000, koma akafuna kuwerenga nambala imodzi amayamba ayeza kutalika kwa zonse zotsala m'fayiloyo, kenako chinthu chilichonse amachiyerekeza ndi zinzake zonse zam'mbuyo kuti aone ngati chabwerezedwa. Atakonza ziwirizo, kudikira kunatsika kufika pa mphindi imodzi ndi masekondi 50. Kampani ya Rockstar inavomera, inakonza, n'kumupatsa madola 10,000. Pazaka zonsezo, ndi anthu angati anagula makompyuta atsopano poganiza kuti vuto ndi makina awo?

Nkhani ya Andres Freund ndiye imaposa. Iyeyu ndi injiniya wa ku Microsoft amene amagwira ntchito pa PostgreSQL, pulogalamu yosungira deta. Mu March 2024 anaona kuti kulowa m'makina ake oyesera kudzera pa SSH, njira yolowera m'kompyuta uli patali, kukudya mphamvu ya processor mosayenera ndipo kukuchedwa ndi theka la sekondi. Theka la sekondi! Ife tikanati netiweki lero yavuta, n'kupita kukaphika tiyi. Iye anakana, anakumba mpaka anapeza kuti mu xz, kachida kopanikizira mafayilo kamene kali pafupifupi m'makina onse a Linux, wina anabisamo khomo lachinsinsi lolowera m'makompyuta a eni. Zikanafalikira, ma seva ochuluka padziko lonse akanakhala otseguka kwa mbala. Ndipo wodekha weniweni m'nkhaniyi anali mbalayo. Munthu wodzitcha Jia Tan anatha zaka zoposa ziwiri akuthandiza mwaulemu, akukonza tizolakwika, mpaka mwini wa xz, amene anali atatopa, anamupatsa makiyi. Akuluakulu akanamuona akanati mwana uyu ngoleredwa bwino.

Hejlsberg uja wa Turbo Pascal anakula, analowa Microsoft, n'kutsogolera ntchito yopanga TypeScript, chiyankhulo chimene chinatuluka mu 2012. Compiler yake inadzakhala imodzi mwa nkhono zodziwika bwino pantchitoyi, moti munthu amene anatchuka ndi liwiro ali mnyamata anadzakhala mwini wa chinthu chodikiritsa anthu atamera imvi. Mu March 2025 analengeza kuti akuilembanso m'chiyankhulo china, ndipo chimene anasankha ndi Go, chija chinabadwa Rob Pike akudikira mphindi 45. Khodi ya Visual Studio Code, mizere pafupifupi 1.5 miliyoni, imene inkatenga masekondi 77.8, inayamba kutenga 7.5, pamakina omwewo, popanda kugula kanthu.

Masekondi 70 opulumutsidwawo apeza kale owadya. Polembera khodi paliponse tsopano pakulowa wothandiza wa AI, amene ukamufunsa kanthu amayamba waganiza kaye, timadontho titatu tikuvina pa sikirini, iwe n'kudikiranso, ulendo uno ukulipira pamwezi. Ndipo makampani omanga nyumba zikuluzikulu za makina a AI akugula RAM yochuluka moti chakumapeto kwa 2025 mtengo wake unakwera kwambiri padziko lonse. Bwana uja akadzamva zimenezi adzasangalala, chifukwa kwa nthawi yoyamba akadzati, "Mphwanga, RAM yadula," adzakhala akunena zoona.